Kodi Mtima wa Munthu Uli Umodzi Dziko Lonse?

M'zaka za 1953 ndi 1954 mai wina wa ku America, dzina lace Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya kuphunzira makhalidwe a anthu a pa mgodi wa Roan Antelope. Usiku wa bayisikopo anali kutuma anyamata omthandiza kukakhala pakati pa khamu, kuti alembe mau amene anthu anali kunena poona zithunzi. Anapeza kuti ngwazi iri yonse yokwera pa kavalo anthu anali kuicha Jack, ndi kuti Jack akaponya nkhonya bwalo lonse linali kupfuula ndi cimwemwe. Koma mwamuna ndi mkazi akapsompsonana poyera, ambiri anali kuciyesa cinthu camanyazi, pamene opanga cithunzico anafuna kuonetsa cikondi cabwino. Nkhonya inamveka popanda womasulira, koma mpsompsono unafika ndi tanthauzo lina.

Kanthu aka kaoneka kakang'ono, komabe kakhudza mlandu waukulu umene anthu ophunzira sanaumarize kufikira lero. Olemba nthano, masewero ndi ndakatulo amanena zambiri za mtima wa munthu: kuti nsanje icita motere, cisoni cicita motere, mwana wamwamuna ndi atate wace akhalitsana motere. Tsono kodi zimenezi ziri zoona kwa anthu onse a pa dziko lapansi, kapena kwa mtundu wa wolembayo wokha?

Akale a ku Ulaya anayankha mosakayika. Aristotle, wanzeru wa Agriki amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 300 Kristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti wolemba mbiri amanena zimene zinagwera munthu wakutiwakuti, koma wolemba ndakatulo amanena zimene zingagwere munthu ali yense wa mtima wotero, ndipo cifukwa cace anaika ndakatulo pamwamba pa mbiri. Mu 1765 Mngelezi wina wochuka, Samuel Johnson, anatamanda William Shakespeare pa cifukwa comweco. Iye anati anthu a m'masewero a Shakespeare sanaumbidwe ndi miyambo ya dziko limodzi, koma ali ana a umunthu wa anthu onse, onga amene dziko lidzabala masiku onse. Ciphunzitso cimeneci cinalowa m'masukulu, cinaoloka nyanja, ndipo ana ambiri a mu Afrika anacilandira pamodzi ndi mabuku a mayeso.

Munthu amene anaciyesa m'njira yosaiwalika ndiye Laura Bohannan, mai wa ku America amene anaphunzira za miyambo ya mitundu ku Oxford. Pakati pa 1949 ndi 1953 iye ndi mwamuna wace anakhala nthawi zingapo pakati pa anthu a mtundu wa Tiv, a m'cigwa ca mtsinje wa Benue ku Nigeria. Asananyamuke anatsutsana ndi bwenzi lace, Mngelezi, amene anati anthu a ku America sakhoza kumvetsa Shakespeare. Maiyo anakana, nati mtima wa munthu uli umodzi kuli konse, ndipo nkhani yaikulu ya sewero lomvetsa cisoni ingamveke m'dziko liri lonse. Bwenzilo linampatsa buku la Hamlet kuti akaliwerenge kumeneko.

Hamlet ndi sewero limene Shakespeare analemba ca m'ma 1600, ndipo nkhani yace ndi iyi. Mfumu ya ku Denmark imwalira mwadzidzidzi. Mbale wace, Claudius, alowa ufumu nakwatira mfumukazi Gertrude isanathe miyezi iwiri. Mzukwa wa mfumu yakufayo uonekera kwa mwana wace Hamlet, numuuza kuti Claudius ndiye anaipha poithira mankhwala m'khutu iri m'tulo, numlamula kuti abwezere. Hamlet azengereza, adziyesa wamisala, napha nduna Polonius poiyesa Claudius. Ophelia, mwana wamkazi wa ndunayo, acita misala namira m'madzi. Ndipo pomariza Hamlet, Claudius, Gertrude ndi Laertes mlongo wa Ophelia afa onse tsiku limodzi.

Mvula itacuruka, madambo anadzaza, ndipo mudzi umene maiyo anali kukhala unazingidwa ndi madzi. Nchito za kumunda zinaima. Akuluakulu anali kusonkhana m'nyumba ya mwini mudzi kuyambira m'mawa, kumwa mowa ndi kusimba nthano, pamene mlendo wao anali kubindikira m'nyumba ndi buku lace. Tsiku lina anamfunsa kuti asimbe cimene anali kupenya pa mapepala masiku onsewo. Iye anabvomera, poganiza kuti nthawi yakwana yoonetsa kuti Hamlet ali ndi tanthauzo limodzi dziko lonse.

Sanapite patali. Atangochula kuti mfumu inafa ndipo mbale wace analowa ufumu, mkulu wina anafunsa ngati awiriwo anali a mimba imodzi. Maiyo sanadziwe, pakuti sewero silinena, ndipo anamlangiza kuti akabwerera kwao akafunse kwa akulu, popeza mlandu wa pacibale suweruzika popanda kudziwa cimeneco. Pamene anafika pa ukwati wa Claudius ndi mkazi wamasiye, umene m'sewero uli gwero la cisoni ndi mkwiyo wa Hamlet, mwini mudzi anakondwera nati Claudius anacita bwino, pakuti ndiyo nchito ya mng'ono kusunga mkazi ndi ana a mkulu wace. Maiyo anayesa kufotokoza kuti ukwatiwo unafulumira, wamasiye asanathe kulira. Koma mkazi wina amene analipo anafunsa kuti adzalima munda wa wamasiyeyo ndani nthawi yonseyo. Anadabwanso kumva kuti mfumu yaikuru yotero inali ndi mkazi mmodzi yekha: nanga alendo ace anali kuwaphikira ndi kuwafulira mowa ndani?

Za mzukwa anazikana ndithu. Atiiv sakhulupirira kuti wakufa angayende ndi kulankhula. Cotero anati cimene Hamlet anaona cinali malodza otumidwa ndi mfiti, kapena mtembo umene mfiti zinaudzutsa. Apa mpoyenera kuima pang'ono. Mcewa kapena Mbemba wa masiku amenewo sakadabvutika kumva kuti mzimu wa atate wadza kwa mwana wace ndi dandaulo. Pa mfundo iyi iye akadakhala pafupi ndi Shakespeare koposa ndi Atiiv. Amene afuna kugawa dziko pawiri, Azungu uku ndi anthu akuda uku, apunthwa pomwepa.

Nkhani inapitirira, ndipo pa mphambano iri yonse akuluwo anatenga njira yao. Misala ya Hamlet anati ndi ya kulodzedwa, ndipo popeza kwao munthu alodzedwa ndi abale a kucimuna, wolodzayo ndi Claudius. Polonius, amene anabisala kuseri kwa nsalu nalasidwa, anamuyesa citsiru: mlenje ali yense akaona udzu ulikugwedezeka apfuula asanaponye, ndipo munthu wanzeru ayankha msanga kuti ndine, tsono Hamlet anapfuula, koma ndunayo sinadziulule. Cimene cinawaopsa koposa ndico kuti mnyamata akweze dzanja pa atate wace wamng'ono. Anati mlandu wotere aupereka kwa amsinkhu wa malemuyo, osati mwana kudzibwezera yekha. Za Ophelia anati madzi sapha munthu popanda mfiti, ndipo mkulu wina analondola mlanduwo mwa yekha napeza kuti mlongo wace Laertes, amene anali ndi ngongole, ndiye anamupha kuti agulitse mtembo kwa mfiti. Pomariza anamuyamika maiyo kuti anasimba bwino ndi kulakwa pang'ono cabe. Anamuuza kuti anthu ali amodzi kuli konse, cotero mfiti ziri kuli konse. Ndipo anampempha adzasimbenso nthano zina za kwao, kuti iwo amene ali akulu amphunzitse tanthauzo lace leni leni.

Nkhani imeneyi inasindikizidwa mu 1956 m'buku la nkhani za pa wailesi ya BBC, ndiponso mu 1966 m'magazini ya Natural History, ndipo kuyambira pamenepo yawerengedwa m'masukulu akulu ambiri. Ambiri amaiwerenga ngati umboni wakuti palibe buku lonena za anthu onse. Koma wochera khutu bwino aona kuti maiyo ndi akulu aja ananena mau amodzi: onse anati anthu ali amodzi. Ndipo onse, ponena motero, anatanthauza kuti anthu ena onse afanana ndi a kwao. Ndiko kulakwa kumene kubisala kawirikawiri m'mau akuti "cibadwa ca munthu".

Kuti mkwiyo wa Hamlet pa ukwati wa amace sunali wa cibadwa, mbiri ya England yomwe icitira umboni. Mu 1509 mfumu Henry VIII inakwatira Catherine wa ku Aragon, mkazi wamasiye wa mkulu wace Arthur, ndi cilolezo ca Papa. Patapita zaka, pofuna mkazi wina, inati ukwatiwo unali woletsedwa ndi buku la Levitiko, ngakhale buku la Deuteronomo lilamula munthu kulowa m'nyumba ya mbale wace amene wafa wopanda mwana. Ukwati unathetsedwa mu 1533, ndipo pa mlandu umenewu England anapatukana ndi Roma. Elizabeth, amene anali pa mpando pamene Hamlet analembedwa, anali mwana wa mkazi waciwiri. Kubadwa kwace kunali kolongosoka pokhapo ngati ukwati woyamba uja unali wonyansa. Cotero oonerera a ku London anali ndi cifukwa cao cakunyansidwa ndi Claudius. Ndipo mu 1921 nyumba ya malamulo ya ku Britain inalola mwamuna kukwatira mkazi wamasiye wa mbale wace. Cimene cinali chimo loopsa cinasanduka cololeka ndi mavoti. Nako kuno cokolo, cimene makolo anaciyesa cifundo, cacepa m'midzi yambiri, makamaka ciyambire matenda a Edzi m'zaka za m'ma 1980. Cinthu cimene cisintha m'mibadwo iwiri kapena itatu sicingachedwe cibadwa.

Komabe nkhani ya Mai Bohannan iri ndi malire ace. Iye mwini abvomera kuti analumpha mau amene Hamlet alankhula ali yekha, momwe muli kulimbana kwa mtima wace. Akuluwo anamva mafupa a nthano, m'cinenero cimene wosimbayo sanacidziwe kwathunthu. Mnofu wace sanaulawe. Ndiponso sanatope nayo, sanaiyese yopanda mutu. Anakangana nayo monga akanganira mlandu wa pabwalo, pakuti anazindikira zonse zimene zinali m'katimo: imfa yokayikitsa, mpando wolimbanirana, mwana wamasiye, kuganizirana zoipa pakati pa abale. Anasiyana ndi Shakespeare pa kuweruza wolakwa, osati pa kuzindikira kuti mlandu ulipo.

Mlandu wina wonga uwu ukhudza Acewa ndi Abemba pafupi kwambiri. Agriki anali ndi sewero la Sophocles lonena za Oedipus, amene anapha atate wace nakwatira amace. Mu 1900 dotolo wa ku Vienna, Sigmund Freud, analemba kuti nthanoyi igwira mtima wa anthu onse cifukwa mnyamata ali yense, ali wamng'ono, afuna amace akhale ace yekha ndipo acitira atate wace nsanje. Ananenanso kuti Hamlet azengereza kupha Claudius popeza Claudius anacita cimene iye mwini anacikhumba mobisika. Nzodabwitsa kuti ciphunzitso cacikuru cotere cinamangidwa pa munthu amene, m'sewero lomwelo, anacita zonsezo osadziwa kuti awa ndi atate, awa ndi amai.

Bronislaw Malinowski, wa ku Poland, anakhala pa zisumbu za Trobriand pafupi ndi New Guinea pakati pa 1915 ndi 1918. Anthu a kumeneko awerenga mtundu kucikazi. Mwana ali wa mbumba ya amace. Womlamula ndi womsiyira cuma ndi malume, pamene atate ali womlera ndi womsangalatsa. M'buku lace la 1927 Malinowski anati kumeneko mkwiyo wa mnyamata ulunjika kwa malume, osati kwa atate, ndipo potero cimene Freud anaciyesa ca anthu onse cinali ca mabanja a ku Ulaya, kumene mphamvu yonse iri m'manja mwa atate. Otsatira Freud anakana, ndipo mu 1982 Melford Spiro analemba buku lathunthu kunena kuti Malinowski sanawerenge bwino umboni wace womwe. Mlanduwo sunagamulidwe mokhutiritsa onse.

Koma umboni wina unacokera kuno. Max Marwick anakhala pakati pa Acewa a m'cigawo ca kum'mawa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, nalondola milandu ya ufiti. Ndipo m'buku lace la 1965 anaonetsa kuti kunenezana ufiti kunali kucuruka pakati pa abale a kucikazi, a mbumba imodzi. Atiiv akayikira abale a kucimuna. Acewa anali kukayikira a kucikazi. Poyamba ziwoneka zotsutsana. Koma kwa Atiiv munda ndi ulamuliro zitsata atate, kwa Acewa zitsata amai. Cotero onse awiri akayikira anthu amene agawana nao colowa, amene sangathe kuwathawa kapena kukangana nao poyera. Ngati pali cinthu ca anthu onse m'nthano ya Hamlet, ciri apa, ndipo dzina la mbale wokayikiridwayo ndilo lisintha.

Anthu a ku migodi adziwa kusinthaku koposa ophunzira a ku Oxford. Munthu wolandira malipiro pa mwezi, amene alera ana ace m'komboni nawalipirira sukulu kutali ndi malume ao, safuna kuti atafa katundu wace apite kwa aphwace a kumudzi, mkazi ndi ana natsala m'nyumba yopanda kanthu. Mikangano ya pamaliro inacuruka kotero kuti mu 1989 Zambia inapanga lamulo la cuma ca munthu wofa osalemba wilo, limene linapatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena odalira malemuyo 10. Wolemba sewero wa ku Kitwe amene afuna kuonetsa mnyamata wolandidwa colowa ali ndi Claudius wace, koma kapena adzakhala malume, kapena alongo a atate. Ndipo mdzukulu wa wolembayo angadzafune womasulira kuti amve cimene cinali kuwawa.

Pali kulakwa kwina kwa mbali yaciwiri, ndiko kunena kuti mitundu isiyana pa zonse. Kwa nthawi yaitali ophunzira ena a ku Ulaya anali kunena kuti cikondi ca mnyamata ndi namwali, conga ca Romeo ndi Juliet, cinayambidwa ndi oimba a ku France zaka 800 zapitazo, ndi kuti mitundu yina idziwa cilakolako ndi ukwati cabe. Ali yense amene anamva nyimbo za atsikana pa mtondo akadawauza kuti alakwa. Mu 1992 William Jankowiak ndi Edward Fischer anasanthula zolembedwa za mitundu 166, napeza zizindikiro za cikondi cotere m'mitundu 147. Koma mu 2015 Jankowiak yemweyo ndi anzace anasanthula mitundu 168 pa nkhani ya kupsompsonana kwa okondana, naupeza mwambowo m'mitundu 77 yokha, yosafika ndi theka lomwe. Khamu la ku Luanshya lija linali kucidziwa cikondi. Cimene linakana cinali cobvala cace cacilendo.

Motero buku labwino lingathe kuyenda ulendo wautali, ndipo ena a mu Afrika analiyendetsa ndi manja ao. Sol Plaatje wa ku South Africa anasindikiza sewero la Shakespeare m'Citswana mu 1930, ndipo Julius Nyerere, ali mtsogoleri wa Tanganyika, anamasulira Julius Caesar m'Ciswahili mu 1963. Koma ulendo umenewu unali kuloledwa kupita mbali imodzi yokha. Chinua Achebe wa ku Nigeria, amene analemba Things Fall Apart mu 1958, anadandaula za ici mu 1974. Anati oweruza mabuku a ku Ulaya amayesa nkhani ya kwao kukhala ya anthu onse cibadwire, pamene wolemba wa mu Afrika amuuza kuti ayesetse kufikako, monga ngati umunthu uli mudzi wina wa kutali. Ndipo anafuna kuti mau amenewo aleke kuchulidwa pokamba za mabuku a mu Afrika, kufikira anthu ataleka kuwagwiritsa nchito ngati dzina lina la Ulaya.

Buku la Achebe silibisa kwao. Liri lodzala ndi zilazi, mtedza wa kola, milungu ndi miyambi ya Aigbo, ndipo Okonkwo, mwini nkhani, ali munthu wa mudzi umodzi ndi mbadwo umodzi, woopa kufanana ndi atate wace waulesi, amene adzimangirira pamene aona kuti anthu ace sadzalimbana ndi boma la Azungu. Lamasuliridwa m'zinenero zoposa 50. Achebe anasimba kuti tsiku lina analandira makalata ocokera kwa kalasi lonse la atsikana a pa koleji yina ku South Korea, ali yense kunena maganizo ace pa bukulo. M'makalatamo ndimo anaphunzira cimene sanacidziwe kale, kuti dziko lao nalonso linalamulidwa ndi alendo, ndiwo a ku Japan, amene analigwira kuyambira 1910 kufikira 1945.